Zithunzi ndi nkhani za pa webusaiti ya ena: titenge kapena tisiye?

Che Jafali: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso, odziwa andithandize. Mwana wa achemwali anga akundikonzera kawebusaiti ka maulendo a pa boti, opita ku Thumbi, Domwe ndi Otter Point kuno ku Cape Maclear. Vuto ndi zithunzi. Foni yanga singalowe m'madzi kukajambula mbuna, ndipo nkhwazi ikamatsika kudzatola nsomba ndimangogwira nsonga ya phiko, mbalame yapita kale. Mnyamatayu akuti tingotenga pa Google, zilipo zambirimbiri. Akutinso mbiri ya Cape Maclear tikopere pa webusaiti ina ya azungu imene inalemba bwino, bola m'munsi tilembe kuti tazitenga kwakutikwakuti. Zili bwino zimenezo kapena ndidziputira mlandu?

Mdala Chikopa: Tengani Che Jafali, musachedwe nazo. Chili pa intaneti n'cha aliyense. Munthu achoke ku Germany kubwera ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, kudzakusumirani chifukwa cha chithunzi cha mbuna? Mbunayo ndi ya kwathu konkuno, analipira ndani poijambula?

Tiyamike: Pepani a Chikopa, pamenepo ndikukanani. Google si mwini wa zithunzi mukuzionazo, iye amangokulozerani komwe zili. Chithunzi chilichonse chili ndi amene anachijambula, nkhani ili ndi amene anailemba. Ndipo mwiniyo safunika kukwera ndege ayi. Amangodzaza fomu ali kwawo komweko, kudandaula ku kampani imene imasunga webusaiti yanu kapena ku Facebook, chithunzi n'kuchotsedwa. Makampani ambiri osunga mawebusaiti ndi a ku America, ndipo kumeneko kuli lamulo la 1998 lotchedwa DMCA. Akalandira dandaulo amathamangira kuchotsa kaye kuti mlandu usawagwere iwo, zokambirana pambuyo. Madandaulo akachuluka peji yonse amatseka. Ndiye tangoganizani peji yatsekedwa mu Ogasiti, alendo akufuna kubukitsa boti, nambala yanu sakuiona.

Mdala Chikopa: Adziwa bwanji kuti kuli Che Jafali ku Chembe?

Tiyamike: Amaika chithunzi chawo pa Google Lens kapena TinEye, n'kuona mawebusaiti amene chikupezekapo. Ngakhale mutadulako m'mphepete chimadziwika. Nkhani ndiye n'zosavuta kuposa pamenepo, munthu amangotenga chiganizo chimodzi cha nkhani yake n'kuchisaka, webusaiti yanu mbee.

Yusufu: Mukamakamba za mzungu wa ku Germany mukuyang'ana kutali. Ine ndi amene zinandichitikira, ndipo wonditengera ndi wa konkuno. Ndinapita ndi asodzi a chilimira ku Makawa, tinagona pa madzi, nyali zikuyaka, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Kukucha ndinajambula sigina, wotsogolera asodzi uja, atakhala kutsogolo kwa bwato, ukonde ukutuluka ndi usipa, dzuwa likungosuzumira kuseri kwa mapiri a kutsidya. Ndinaposita pa peji yanga, dzina langa lili pakona. Lero chithunzi chimenecho chili pamwamba penipeni pa webusaiti ya loji ina, pakona paja anadulapo, ndipo anachisindikizanso pa timapepala topatsa alendo. Nditawaimbira, bwana wake anati, tibwezeretsapo dzina lako mphwanga, utchuke. Kutchuka sindingagulire batire ya kamera.

Mayi Nasibeko: Pepani achimwene Yusufu, zimenezo n'zopweteka. Koma ndifunse ndithu, akabwezeretsa dzina nkhani siyatha? Ife ku sukulu anatiphunzitsa kuti ukatenga za wina uzimutchula, basi.

Alinafe: Mayi, apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono. Pali nkhani ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi kunama kuti ntchito ya wina ndi yako. Imeneyo ndi imene aphunzitsi ankatiletsa, ndipo mankhwala ake ndi kutchula mwini. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito chinthu cha wina iye osavomera. Imeneyo kutchula dzina sikuichiza. Mukhoza kulemba dzina la Yusufu ndi zilembo zikuluzikulu, mlandu ulipobe, chifukwa ufulu wokopera, wosindikiza ndi woika pa intaneti ndi wake mpaka iye atanena kuti eya.

Ufulu wa mwini umenewu ndiwo copyright, ndipo kuno kwathu zimenezi zili mu Copyright Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa ya 1989, ndipo bungwe loyang'anira ndi COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992. Ambiri timalidziwira pa za nyimbo, koma lamuloli limakhudzanso zolembedwa, zithunzi, mafilimu, zojambula pamanja ngakhale mapulogalamu a kompyuta. Malawi analowanso mu pangano la mayiko la Berne mu 1991. Panganoli ndi lakale, la 1886, ndipo limati ntchito ya munthu wa dziko lina lomwe lili m'panganomo itetezedwe monga mmene timatetezera za nzika zathu. Ndiye a Chikopa, chithunzi cha wa ku Germany uja n'chotetezedwa ku Chembe, cha Yusufu nachonso n'chotetezedwa ku Berlin. Limatinso chitetezo sichidikira kulembetsa kapena chidindo. Wangojambula, wangolemba, ufulu wayamba pomwepo. Musaone kuti palibe kachizindikiro ka © n'kumati n'chaulere.

Ufuluwu umatha, koma osati msanga. Berne amati usachepere moyo wonse wa mwini kuphatikiza zaka 50 atamwalira pa zolembedwa, ndipo ku America ndi mayiko a European Union ndi zaka 70.

Che Jafali: Ndamva tsopano. Zili ngati munthu wapeza boti langa pa mchenga, walikankhira m'madzi, wanyamula alendo mpaka ku Thumbi, ndalama m'thumba mwake, koma njira yonse akuwauza kuti botili ndi la Che Jafali, munthu wabwino kwabasi.

Yusufu: 😂 Ndendende bambo.

Che Jafali: Koma nanga mbiri ija? Kuti amishoni anafika ku Cape Maclear chaka chakuti, zimenezo zili ndi mwini?

Aphunzitsi Mbewe: Zilibe mwini, Che Jafali. Zochitika n'za tonse. Chimene chili ndi mwini ndi kalembedwe, mmene munthu wasanjira mawu ake. Palibe angakuletseni kulemba kuti amishoni a Livingstonia anayamba ntchito ku Cape Maclear mu 1875, malungo atawasautsa n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo manda awo alipo mpaka lero. Kapena kuti Livingstone anatcha malowo dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Kapena kuti Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. N'chimodzimodzi za pa boma la Mangochi pano, kuti kale pankatchedwa Fort Johnston, kuti nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, kuti pali chikumbutso cha sitima ya Viphya imene inamira mu 1946 n'kupha anthu 145.

Chochita n'chakuti werengani malo angapo, tsekani foni, kenako muuzeni mnyamata wanuyo nkhaniyo mmene mumauzira alendo muli pa boti, iye azilemba. Ine ndinakwerapo boti lanu ndi ana a sukulu, ndinamva mmene munkafotokozera za mwera ndi mpoto, ndi chifukwa chake nkhwazi imayankha mluzu. Wa webusaiti mukusirirayo zimenezo alibe. Iye anagona masiku ochepa ku Chembe n'kubwerera kwawo.

Tiyamike: Ndiwonjezepo apa. Musachite zija zotenga ndime ya wina n'kusintha mawu awiri atatu, "okongola" kukhala "osiririka", n'kumati ndalemba ndekha. Kumeneko n'kukopera ndithu. Komanso Google akapeza nkhani yofanana pa mawebusaiti awiri amasankha imodzi yoonetsa, ndipo nthawi zambiri si yanu yatsopanoyo. Ndiye mwaba, phindu osapezanso.

Abiti Saidi: Funso langa ndi lina. Ine ndili ndi peji ya zophika ndi za umoyo wa amayi, anthu anga ambiri ndi a ku Namwera ndi Makanjira, Chingerezi sawerenga. Ndikapeza nkhani yabwino ya Chingerezi ndimaimasulira m'Chiyao kapena m'Chichewa. Mawu onse amakhala anga. Pamenepo palinso vuto?

Alinafe: Lilipo, Abiti. Kumasulira ndi umodzi mwa maufulu amene lamulo limasungira mwini nkhani. Thukuta la kumasulira ndi lanu, koma nkhani idakali yake. Njira zilipo ziwiri. Mulembereni kupempha, ndipo ambiri akamva kuti mukufuna kuti amayi a ku Makanjira awerenge m'chilankhulo chawo sakana. Kapena tengani mfundo zokha, monga kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, n'kulemba nkhani yanuyanu ndi zitsanzo za kwanu. Za maphikidwe ndiye zopepuka, mndandanda wa zofunika ndi njira yophikira chambo palibe angati n'zake, koma chithunzi cha mbale yake ndi nkhani imene wakulungira maphikidwewo n'zake.

Pali zina lamulo limalola osapempha. Mukhoza kutenga mawu ochepa a munthu pofuna kuwakambirana kapena kuwatsutsa, bola mutchule mwini ndi komwe mwawatenga, ndipo akhale ochepa moyenera cholingacho. Malamulo a dziko ndi zigamulo za makhothi mukhoza kukopera. Mfundo za nkhani yongochitika lero, monga kuti msewu waduka pakuti, n'za aliyense, ngakhale nkhani yonse ya mtolankhani ndi zithunzi zake si zanu. Palinso mpata wa zophunzitsira m'kalasi ndi zosunga wekha. Koma webusaiti yoitanira makasitomala si kalasi.

Mdala Chikopa: Nanga fair use? Ana a pa YouTube onse amangolemba pansi kuti fair use, no copyright intended, zimayenda.

Alinafe: Fair use, mpata wogwiritsa ntchito za wina osapempha pa zifukwa zina, ndi ya m'malamulo a ku America, a Chikopa. Lathu limachita kutchula zololedwa, ndipo zimene silinatchule mupemphe. Ngakhale ku America komweko kulemba mawu amenewo pansi pa vidiyo sikupulumutsa munthu. Kunena zoona kumangoonetsa kuti umadziwa kuti chinthucho si chako.

Mayi Nasibeko: Ndiye kusheya pa Facebook nakonso ndi mlandu? Ine ndimasheya za Yusufu pafupipafupi.

Yusufu: Ayi mayi, inu pitirizani, ndimathokoza. Mukadina Share anthu amaona peji yanga, akafuna wojambula ukwati amandipeza. Chondipweteka ndi kudawuniloda n'kupositanso ngati chako.

Tiyamike: Eya, Share ndi linki zilibe vuto chifukwa mukutumiza anthu kwa mwini. Vidiyo ya pa YouTube mukhoza kuionetsa pa webusaiti yanu kudzera pa Embed, njira yoionetsera ili pa YouTube pomwepo osaidawuniloda, mwini akapanda kutseka mwayi umenewo. Mapu a Google nawonso ali ndi Embed yake, gwiritsani imeneyo m'malo mojambula sikirinishoti. Kapena OpenStreetMap, imene imalola kutenga bola mulembe kuti mapu ndi a OpenStreetMap ndi anthu ake.

Tsopano Che Jafali, zaulere zenizeni zilipo, kungoti muyenera kudziwa kuwerenga chilolezo chake. Pali bungwe la Creative Commons, linayamba mu 2001, limene linakonza zilolezo zoti mwini azinena pasadakhale zimene walola. Mukaona zilembo CC, yang'anani zotsatira zake. BY ndiye kuti tengani koma mutchule mwini. SA ndiye kuti mukasintha kapena kumangirapo zanu, zotulukazo muzipereke pa chilolezo chomwecho. ND ndiye kuti musasinthe. NC ndiye kuti osachitira malonda, ndipo iyi ndi imene ingakukoleni inuyo, chifukwa webusaiti ya boti ndi malonda ngakhale chithunzicho simukuchigulitsa. CC0 ndiye kuti mwini wasiya zonse, chitani nacho mmene mungafunire.

Pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi ya a Wikipedia, pali zithunzi za mbuna ndi za nyanja, ndipo kumeneko salandira za NC, ndiye n'koyambira kwabwino. Dinani chithunzicho, muona dzina la wojambula ndi chilolezo. Pansi pake pa webusaiti yanu mulembe dzinalo, chilolezocho, ndi linki yobwerera komweko. Webusaiti ya zithunzi ya Flickr ili ndi posankhira zilolezo. Unsplash, Pexels ndi Pixabay, zomwenso ndi za zithunzi, zili ndi malamulo awoawo olola ngakhale malonda, koma muwawerenge. Zithunzi za NASA, monga za nyanja yathu yojambulidwa kuchokera mumlengalenga, nthawi zambiri n'zaulere chifukwa ntchito za boma la America sizikhala ndi copyright. Nkhani za pa Wikipedia zili pa CC BY-SA, ndiye Abiti mukhoza kuzimasulira, kutchula kuti zachokera ku Wikipedia, kuika linki, zomasulira zanuzo n'kukhalanso pa BY-SA.

Chenjezo limodzi. Mukasankha Creative Commons pa zosefera za Google Images musakhulupirire pomwepo, tsegulani peji yeniyeni muone. Ndipo jambulani sikirinishoti ya chilolezocho tsiku mwatengalo, musunge.

Che Jafali: Mwana wanga Tiyamike, zilembo zachuluka, mutu waima. Ndimutumizira mnyamata uja awerenge yekha.

Aphunzitsi Mbewe: Komanso muonetsetse kuti nsombayo ndi ya m'nyanja yathu. Ndinaonapo kapepala koitanira alendo ku Mangochi kali ndi nsomba za m'nyanja ya mchere, ndi matanthwe a korali omwe. Mlendo akafika adzafunsa kuti zija zili kuti.

Yusufu: Bambo Jafali, tipange chonchi. Ine kamera yolowa m'madzi ndili nayo, boti ndilibe. Munditenge tsiku limene nyanja yagona, ndijambule mbuna ku Thumbi ndi nkhwazi, ndikupatseni zina za pa webusaiti yanu, zotsala ndigulitse kwina. Mafuta tigawane.

Che Jafali: Mafuta ndi anga, iwe ubwere ndi kamera. Usipa wa nkhwazi ndigula ine.

Alinafe: Mulembe pa pepala, ngakhale pa WhatsApp pompano, kuti zithunzi zingati, zogwiritsa ntchito pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo umwini ukutsala kwa ndani. Anthu amayambana chaka chamawa, wina akafuna kusindikiza pa matisheti.

Mdala Chikopa: Chabwino, mwandigonjetsa pa za malamulo. Koma chinthu chimodzi sichikunditsika. Alendo amabwera, kujambula ana athu akusamba pa doko, amayi akutsuka mbale, anyamata akuvina beni, kupita nazo kwawo, kugulitsa. Ife osaona ngakhale tambala. Ndiye ine ndikatenga chithunzi cha mudzi wanga womwe, wakuba ndine? Lamulo limeneli linalembedwera amene ali ndi kamera.

Abiti Saidi: Apa a Chikopa anena zoona. Ine ndinaonapo chithunzi cha mayi wa kwathu akuyanika usipa pa thandala, chili pa webusaiti yopempha thandizo, iye osadziwa n'komwe.

Alinafe: Sindikutsutsani. Copyright imateteza wojambula, wojambulidwa ayi. Za wojambulidwa ndi nkhani ina, ya ulemu wa munthu ndi chinsinsi chake, ndipo Constitution yathu ya 1994 imatchula ufulu umenewo. Pa za magule, lamulo lathu la copyright lili ndi gawo la zachikhalidwe cha makolo, limene limaika umwini wake m'manja mwa boma m'malo mwa anthu a Malawi, ndipo wofuna kuchitira malonda amayenera chilolezo. Pa pepala zilipo. Koma mlendo wajambula beni ndi foni, mawa wakwera ndege, amutsatire ndani? Pamenepo mphamvu ili ndi inu amene mumayenda nawo. Wotsogolera alendo akanena kuti pano tipemphe kaye, ana osajambula popanda makolo, gulu la gule lilipidwe kamera isanatuluke, alendo ambiri amamva.

Mdala Chikopa: Ambiri, osati onse.

Che Jafali: Pa boti langa amamva onse. Injini ndimagwira ine.

Mayi Nasibeko: 😂 Che Jafali inu. Ndifunseko komaliza. Ine pa malo anga ndimalipira chiphaso cha COSOMA chaka ndi chaka chifukwa cha nyimbo za pa bala. Mwana wanga wajambula kavidiyo koitanira alendo a Khirisimasi, waikamo nyimbo ya woimba wina wotchuka wa konkuno. Poti ndimalipira kale, si ndiye kuti zili bwino?

Alinafe: Chiphaso chimenecho n'cha kuliza nyimbo pa malo anupo, mayi. Kuika nyimbo mu vidiyo yotsatsa malonda ndi ntchito ina, imafuna chilolezo chakechake, ndipo nthawi zambiri eni ake amakhala awiri, wopeka nyimbo ndi mwini wa chojambulidwacho. Afunseni a COSOMA akulozereni, kapena lankhulani ndi woimbayo.

Tiyamike: Ndipo YouTube ndi Facebook zili ndi makina omvetsera okha nyimbo. Vidiyo ikhoza kutsekedwa mawu kapena kuchotsedwa munthu asanadandaule n'komwe. Pa YouTube madandaulo a eni akakwana 3 m'masiku 90 tchanelo chimatsekedwa. YouTube yomweyo ili ndi Audio Library ya nyimbo zololedwa. Kapena itanani anyamata a bandi a kwanuko aimbe yawo, muwalipire, mugwirizane polemba.

Yusufu: Achemwali Alinafe, nanga ine nditani ndi a loji aja? Khothi ndalama ndilibe.

Alinafe: Khothi ndi komaliza. Yambani ndi umboni. Sungani fayilo yoyambirira ya mu kamera, imakhala ndi tsiku ndi mtundu wa kamera, komanso zithunzi zina za m'mawa womwewo. Sungani positi yanu yoyamba. Pezani kapepala kamodzi mwa timene anasindikiza tija. Kenako alembereni kalata yaulemu, osatukwana, osawayalutsa pa Facebook, yonena kuti chithunzi ndi chanu, achigwiritsa ntchito pati ndi pati, ndipo asankhe kulipira mtengo wakuti kapena kuchichotsa n'kulipira za nthawi yapitayi. Za kudula dzina muzitchule pazokha, chifukwa ufulu wotchulidwa monga mwini ntchito lamulo limautetezanso. Akakana, kaonaneni ndi a COSOMA, ndipo Tiyamike akuthandizeni kupeza kampani imene imasunga webusaiti yawo mukadandaule kumeneko.

Mdala Chikopa: Tiuzeni dzina la loji tikawakomentere.

Yusufu: Ayi mdala, mwina ndi anzanu a pa bawo. Kalata ndilemba mawa, achemwali mundionereko ndisanatumize.

Alinafe: Tumizani ku inbox. Muikemo tsiku lomaliza loti ayankhe, masabata awiri akwana. Koma masikirinishoti a webusaiti yawo jambulani usiku uno, adiresi ndi tsiku zioneke, chifukwa m'gulu muno muli anthu ambiri ndipo nkhani ikhoza kuwafika kalata isanafike.